Botolo lachitatu

Chipinda changa chinali kumapeto kwa khonde, kupitirira pamene anthu amabwererapo. Fakitale yathu, kunja kuno kwa Cairo, imapanga katemera wa ng'ombe, ndipo ntchito yonse imadalira maselo amene timaweta m'mathanki akuluakulu. Maselo amasankha zakudya ngati mwana wa m'nyumba yolemera. Kuti aswane mpaka kudzaza thanki ankafuna seramu, madzi achikasu aja otsala magazi a ng'ombe akaundana. Koma seramu safanana. Ogulitsa ankatumiza seramu woyesera, ine n'kudyetsa maselo masiku asanu, kenako n'kuloza woti tigule. Ndinaloza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, popanda wondibweza mawu.

Kale tinalimo atatu. Buthaina anakwatiwa ku Kuwait, Ramzi anamwalira. Ndinatsala ndi wailesi ya Ramzi ndi makapu atatu a tiyi. Moni wa m'mawa ndinkapatsa maselo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Lamlungu lina, sabata ikuyamba, bwana wathu watsopano, Dokotala Shawky, anabwera yekha ndi mabotolo asanu a chakudya cha maselo, olembedwa manambala okha.

"Chaka chino alipo asanu, Mayi Wedad," anatero. "Limodzi mulibe seramu, mulibe kalikonse ka nyama. Sindikuuzani kuti ndi liti."

"Mukuyesa maselo kapena mukuyesa ine?"

"Inu angakuyeseni ndani? Ndi mathanki omwe amakuopani."

"Nanga likapambana limenelo, a Dokotala, muno muzisungamo chiyani? Zikolopa?"

Anaseka, koma maso anali pa nsapato zake. "Mudzakapuma, mayi. Mwagwira ntchito."

Atatuluka ndinakhutchumula mabotolowo limodzilimodzi. Seramu amachita thovu lochedwa kutha. Thovu la botolo lachitatu linazimirira ndisanaliike n'komwe patebulo. Chinsinsi cha a Dokotala sichinakhalitse.

Ndinagawa maselo m'mbale zisanu, mbale iliyonse ndi chakudya chake, n'kuziika m'kabati yofunda. Pofika Lachiwiri maselo a m'mbale yachitatu anali patsogolo pa kuswana. Mtima unandiwawa, ndisaname. Maselo sapirira kuzizira, ndipo m'chipinda chija simunkalowa munthu. Ndinatulutsa mbaleyo, ndinaisiya patebulo pansi pa makina oziziritsa mpweya, n'kukatereka madzi a tiyi panja pa chitseko. Ndinaganiza za nyumba yanga ku Shubra, m'mwamba mwachitatu, mmene mawu a munthu ndimawamva kudzera kukhoma, a neba akatsegula TV. Kumeneko ndiko kokapuma kwakeko. Madzi asanawire ndinathamanga, ndinabweza mbale ija m'kabati, ndipo ndinaipepesa mokweza.

Lachinayi ndinawerenga maselo kawiri, ngakhale kamodzi kanali kokwanira. Ndinalemba nambala 3 papepala n'kupita nalo ku ofesi.

"Munadziwa, eti?" anafunsa Dokotala Shawky.

"Kuyambira Lamlungu. Mukafuna kundibisira kanthu muzibisa ndi thovu lomwe."

"Ndiye tiyambe sabata yamawa?"

"Ayi, musachite phuma. Masiku asanu m'mbale si moyo wa m'thanki. Maselo athuwa anakulira pa seramu, mukawachotsera tsiku limodzi akhoza kukuferani pakapita mibadwo ingapo. Asiyitseni pang'onopang'ono, ngati mwana kubere. Ndipatseni masabata asanu ndi limodzi."

Anandipatsa osatsutsa. Mwina zinali zoona kuti maselo ankafunika masabata onsewo, mwina ndinawonjezerapo awiri. Mulungu ndiye adziwa.

Sabata iliyonse ndinkachepetsa seramu, ndipo sabata iliyonse ndinkanyamula kanthu kamodzi kupita nako kunyumba. Ndinayamba ndi makapu a anzanga, kenako nsapato zosinthira, kenako kalendala. Wailesi inachoka sabata yachisanu. Masiku amenewo nyemba zanga ndi buledi ndinkadyera pawindo la pakhonde, kuonerera achinyamata akupita kukantini m'magulumagulu. Ena ankandiimikira dzanja, dzina langa osalidziwa.

Tsiku lomaliza ndinafika molawirira. Maselo anali atatha sabata yathunthu osalawa ngakhale dontho la seramu. Ndinatapa pang'ono m'thanki yaing'ono yoyesera, ndinaika pagalasi, n'kuweramira pa maikulosikopu. Sindinkafuna kuti afe, ayi. Ndinkangofuna kuona ochepa okha atakwinyika, atafooka pang'ono, kuti ndidziwe kuti china chake chawasowa.

Anali ozungulira bwino, onyezimira, othithikana mpaka malo kusowa. Pazaka zanga zonse sindinawaonepo ataswana chotero.

Dokotala Shawky anasuzumira pakhomo. "Ana anu ali bwanji, mayi?"

"Ali bwino," ndinayankha, maso anga akadali pagalasi. "Sanazindikire n'komwe."