Mtanda wa Severin

Bambo anasema mtandawo okha, dzina la mkulu wanga Severin n'kulilemba ndi chitsulo chamoto. Ankafuna tikauimike pomwe chigumukire cha chipale chofewa chinamukwirira chaka chatha, kumtunda kwa mudzi wathu kuno ku Tirol. Ine ndinanyamula fosholo, iwo mtanda kumsana, tonse tili pa matabwa athu otsetserekera pachipale.

Titafika pamwamba, chigwa chomwe Severin anafera chinali patsogolo pathu, choyera, chosalala. Dzulo lake mphepo inali itaunjikira chipale chatsopano mbali imeneyo. Ndinavula matabwa n'kuyamba kukumba dzenje loonera ngati chipalecho chinali chogwirana.

"Ndiye unasiyira yunivesite zimenezi, Lenz? Kukumba maenje?" anatero bambo.

"Kumeneko kulibe amene amaphunzitsa izi, bambo."

Anandiphunzitsa ndi Severin yemweyo. Umadula chipale ngati mzati, kuika fosholo pamwamba pake, n'kumamenya ndi dzanja, pang'onopang'ono poyamba. Ndisanamenye n'komwe mwamphamvu, chapamwamba chonse chinatsetsereka ngati thabwa. Pansi pake panali chonga shuga, chosagwirana. Ndinatapa n'kuwathirira m'manja.

Bambo anachitaya n'kuloza kuchigwa. "Taona mizere ya matabwa iyo. Anthu adutsa m'mawa uno, ndipo ali moyo."

"Tsiku lijanso mizere inalipo."

Bambo anamangitsa zingwe za mtanda n'kuyamba kusendera kuchigwako. Asanapite patali, pansi panamveka kuti fuu, ngati ng'ombe yausa moyo, ndipo mng'alu woonda unathamanga kuchokera pa matabwa awo kulowera kumunsi.

Anaima, osatembenuka.

"Pomwe anakwiririka mkulu wako ndi apo, Lenz, si patali. Ndikupaona."

"Nanenso ndikupaona. Ndinakumbapo pomufunafuna ndi fosholo yomweyi. Kachiwiri ayi, bambo. Amayi ndikawauza chiyani?"

Mtanda unkawalemera kumsana. Kenako anabwerera chafutambuyo, mwapang'onopang'ono, akuponda momwe anadutsa. Atafika padzenje langa anagwada, anamasula mtandawo n'kuuzika momwemo. Tinakwirira tonse, iwo ndi manja, ine ndi fosholo.

"Chipale chikadzasungunuka, udzagwa," ndinatero.

"Ndikudziwa." Anapukuta dzinalo ndi chala. "Dzenje lako n'lokhota, iwe. Mkulu wako ankakumba lowongoka."

"Zonse ankachita zowongoka."

Tinatsikira njira yomwe tinakwerera, yaitali ija ya m'mitengo. Ine ndinatsalira kumbuyo, kuti ndiziwaona.