Jekete la Bwana Posachedwa

"Mundione bwino lero, chifukwa posachedwa muzidzayamba mwapempha kaye kwa mlembi wanga," anatero Bwana Posachedwa pakhonde la sitolo ya nsalu, akuuza wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. "Chaka chino ndikukwera ine. Ofesi yangayanga, kapeti pansi, mpando wozungulira."

Mai Zigamba, amene makina awo osokera anali kumapeto kwa khonde lomwelo, anamva zonse. Anali ataluma mapini atatu, choncho sanayankhe msanga. Bamboyo anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, ndipo mpando umenewo unali utazungulira m'kamwa mwake zaka khumi ndi ziwiri osatera pansi.

Atalavula mapini aja anafunsa kuti, "Lachingati, alamu?"

"Chiyani?"

"Kukwerako. Tidziwiretu tsiku, tichape zovala."

"Masomphenya safunsidwa tsiku, alamu. Inu zisokani zigamba."

Atatero anavula jekete lake labulawuni, lokhalo limene anali nalo, naliponya pamakina. Thumba la m'kati linali litabooka. Anati likufunika pa 28 mwezi wamawa, chifukwa akukayankhula pamsonkhano wa amalonda. Mai Zigamba anaona kuti pa mapulani onse a mlamu wawo, jekete lokha ndilo linali ndi tsiku.

Masana omwewo mwini sitolo anatuluka. Anali telala wokalamba, wovala magalasi pansonga ya mphuno, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Mayi, khondeli ndikulitseka ndi njerwa kumapeto kwa mwezi wamawa. Sitolo ikule. M'katimo muli malo a makina amodzi, koma ndikufuna munthu wosoka majekete. Maso anga atha. Zigamba ndi mazipi mukapezere kwina."

Zaka makumi awiri pakhondepo, Mai Zigamba anali atafupikitsa mathalauza okwana kuveka mzinda wonse, koma jekete anali asanasokepo. Tsiku lililonse ankadziuza kuti adzaphunzira zinthu zikadzakhala bwino. Anazindikira, mosakondwa konse, kuti mawu amenewo ndi apachibale ndi a mlamu wawo.

Anatenga choko chodulira nsalu nalemba pakhoma, pamwamba pa makina. Sabata yoyamba, kudziwa zidutswa. Yachiwiri ndi yachitatu, mikono. Yachinayi, kolala. Yachisanu, nsalu ya m'kati. Pa 28, jekete lathunthu, lili pathupi pa munthu.

Wometa anawerenga n'kuseka. "Mwatsegula sukulu, mayi?"

"Eya. Mwana wasukulu ndi mmodzi, ndipo sajomba."

Anapempha mkulu wa sitolo uja kuti awaphunzitse. Iye anati anaphunzira ndi maso, nawonso ali ndi maso awiri. Ndiye Mai Zigamba anayang'ana uku ndi uku, ndipo jekete lokhalo limene linali pafupi linali labulawuni lija. Anaganiza zolimasula msoko ndi msoko, aone mmene linamangidwira, kenako alibwezere mwakale mwini wake asanadziwe.

Jeketelo linali ndi maganizo ena. Nsalu yake inali itagwirana mwa chizolowezi chabe. Atangochotsa ulusi, phewa linanyenyeka ngati pepala lonyowa, msana unang'ambika kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.  Mai Zigamba anayala zidutswazo panyuzipepala, nazijambula chimodzichimodzi. Zinalipo zambiri kuposa mmene munthu angaganizire poona jekete likuyenda mumsewu.

Anayamba kuyeserera pa makatani akale. Ankafika m'mawa sitolo isanatsegulidwe, ndipo nthawi ya chakudya chamasana ankadya ndi dzanja limodzi. Mikono yoyamba inatuluka yonse yakumanzere.

"Mukusokera ndani, mayi?" anafunsa wokonza mawotchi. "Munthu wotere sitinamuonepo kuno."

Yachiwiri inalowa, koma paphewa panachita makwinya ngati nkhope ya munthu wodya ndimu. Mkono unali waukulu kuposa bowo lake, ndipo anaudula kangapo poganiza kuti walakwika. Tsiku lina mkulu wa sitolo anadutsa, nayang'ana pamwamba pa magalasi. Pobwerera anasiya kansalu konyowa pambali pa simbi. Mai Zigamba anakayang'ana kansaluko, nayang'ana mkonowo. Anausonkhanitsa ndi ulusi pang'onopang'ono, naphimba ndi kansalu kaja, naikapo simbi yamoto. Nthunzi itakwera, makwinya anagona. Anakhwatcha mzere wa mikono pakhoma paja.

Bwana Posachedwa ankabwera sabata iliyonse.

"Jekete langa, alamu?"

"Posachedwa, alamu."

Kawiri konse anachoka akung'ung'udza, poti mankhwala ake omwe ankamuwawa. Kachitatu Mai Zigamba anaimitsa makina.

"Alamu, khalani pansi. Jekete lanu linatisiya. Ndinalitsegula ndine kuti ndiphunzirepo, ndipo silinapirire. Mlandu ndi wanga. Pa 28, 9 koloko m'mawa, ndikubwezerani lina."

Bamboyo sanakhale pansi. Anauza khonde lonse kuti jekete limenelo linachokera kunja, kuti linakhalapo m'chipinda chimodzi ndi anthu akuluakulu, ndiponso kuti munthu wa zigamba sangasoke chovala cha mtsogoleri. Anaitana wometa, wokonza mawotchi ndi aliyense wodutsa kuti adzabwere pa 28 adzaone manyazi a mlamu wake.

"Abwere," anatero Mai Zigamba, napondanso makina.

Kolala inawazunza masiku asanu ndi anayi, kupitirira sabata imene anailembera. Sanafufute tsiku la pakhoma. Anangosiya kulandira mathalauza ofupikitsa, makasitomala ena n'kupita kwina akudandaula. Nsalu yeniyeni, yabuluu woderako, anagula m'sitolo momwemo, ndipo anakhala nayo masiku awiri akungoisisita asanaiike sizasi.

Pa 28 njerwa zinali zitaunjikidwa kale pafupi ndi khonde. Anthu anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa. Mng'ono wa Mai Zigamba anaima kumbuyo atagwira tsaya, osadziwa kuti aikire kumbuyo mwamuna kapena mkulu wake. Bwana Posachedwa anafika atavala malaya oyera ndi tayi, nkhope itakonzekera kale kukhumudwa.

Mai Zigamba anachotsa jekete pahang'ala nalitambasula. Bamboyo analowetsa dzanja limodzi, kenako linalo. Onse anaona kuti mkono wina ndi wakumanja, wina wakumanzere. Bamboyo anakoka kutsogolo, batani n'kulowa m'bowo mwake mosavuta. Lakale lija linali litasiya kumangika zaka zisanu zapitazo, ndipo Mai Zigamba anali atawonjezera malo a mimba mosauza munthu.

"Vulani," anatero mwini sitolo.

Analitembenuza kunja kukhala m'kati. Anayendetsa chala m'misoko, nakoka mkono, nasuzumira m'khwapa. 

"Kolala yakumanzere yadzuka pang'ono."

"Ndaiona," anatero Mai Zigamba. "Pa jekete lachiwiri idzagona."

Mkuluyo anakweza magalasi ake. "Lolemba mulowetse makina. Pafupi ndi zenera."

Bwana Posachedwa anavalanso jekete mofulumira, nadziyang'ana pagalasi la wometa, mbali iyi ndi iyo.

"Ndinadziwa ine," anauza anthuwo. "Mukuganiza kuti ndinalisiya pano mwangozi? Munthu wa masomphenya amaona luso lisanaphuke."

"Zikomo, alamu," anatero Mai Zigamba. Anatulutsa kathumba kapulasitiki pansi pa makina namupatsa. Munali zidutswa zabulawuni, zopindidwa bwinobwino. "Awa ndi mafupa a malemu, mukaike nokha. Tsono nenani anthuwa akumva. Ndikadali nanu ndi ngongole?"

Bamboyo anakhosomola. Analowetsa dzanja m'thumba la m'kati, nafufuza ndi chala pakona pamene pankagwera makiyi. Chala sichinatulukire kwina.

"Yatha," anatero.

"Mwamva nonse," anatero Mai Zigamba. "Ndi thumba lomwe munandituma lija ndasoka."