Bwalo la Boche la a Morris

Ndikakumbuka nkhani ya bwalo la boche la pa esiteti yathu, mtima umandiwirabe mpaka lero.

Bwalolo analikonza Mtaliyana wina, makaniko wa pa fakitale ya tiyi, amene tinkamutcha Sipanala. Linali kuseri kwa galaja, lalitali, lopapatiza, la mchenga wa mu mtsinje wa Ruo wotsendera bwino. Masewera ake ngosavuta. Mumaponya kampira kakang'ono patsogolo, kenako aliyense amagubuduza mipira yolemera yamtengo, ndipo amene wayandikitsa wake ku kakang'onoko ndiye wapambana. Mpira wa mnzako ukatchinga, umaloledwa kuuwomba ndi wako. Sipanala ankati kwawo masewerawa ngakalekale, asilikali a ku Roma ankasewera ndi miyala, ndipo ankanena monyada ngati miyalayo anatola ndi iyeyo.

Pobwerera kwawo atakalamba, anasiyira mipirayo a Morris Pilato, amene ankagwira ntchito youmitsa tiyi. A Morris ankasesa bwalolo, kulithirira madzi, kulisalaza ndi thabwa. Nkhuku ikapondapo inkaona zakuda. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkasonkhana pamenepo, ndipo palibe amene ankawagonjetsa.

Mu 1974 a Lyson Bizwick, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, analengeza kuti malowo ngabwino kuti amayi azikonzekererapo magule. Tangoganizani! Mabwalo onse a mpira ali mbwee, iwo n'kuona kamchenga kathu komweko. Amayi akanangovinapo kamodzi, pakanatsala pongodzala mbatata.

Kapitawo wathu, a Hudson, anabwera ndi nzeru. "Achimwene, kukana sitingakane, mukudziwa nokha," anatero kwa a Morris. "Tiwaitane adzasewere. Inu muwalole apambane. Munthu wamkulu sagonja pamaso pa anthu. Akasangalala atisiyira bwalo."

"Ndiponye mwadala pambali, ine?" anafunsa a Morris.

"Kamodzi kokha, achimwene. Mukufuna ulemu kapena bwalo?"

A Morris anafuna bwalo.

Tcheyamani anafika atavala suti, ayufi awiri, anyamata a chipani, ali pambuyo. Analowa pamchenga ndi nsapato za gogoda, a Morris n'kuyang'ana kumbali. Kuponya kwa tcheyamaniyo kunali kochititsa manyazi: mpira wina unakagunda khoma la galaja, wina unatsala pang'ono kuthyola mwendo wa myufi. Ife tinkangowomba m'manja ngati zitsiru. Ndiye mwangozi mpira umodzi unakaima pafupi ndi kakang'ono kaja.

A Morris anatsala ndi mpira womaliza. Tonse tinkadziwa kuti akhoza kuuwomba wa tcheyamaniwo ngakhale atatsinzina. Anawerama, nkhope ili gwa, n'kuugubuduza mofooka. Unaima pakati pa bwalo ngati waponyedwa ndi wodwala malungo. Ine ndinamva manyazi mpaka m'mafupa.

Tcheyamani analumpha ngati mwana. "Ha! Katswiri wanu uja ndi ameneyu? Masewera okoma chonchi mumandibisira bwanji? Amayi akavinire kwina, bwalo ili lisakhudzidwe!"

A Hudson anatitsinzinira diso. Tinapita kwathu tikuti zatheka.

Lamulungu lotsatira tinapeza bwalo litazunguliridwa ndi mpanda wa nsungwi, myufi ali pakhomo. Myufiyo anatiuza kuti tcheyamani walamula kuti masewerawa ngolemekezeka, oyenera akuluakulu a chipani ndi alendo awo, osati aliyense wonunkha thukuta la m'munda wa tiyi. Mipira anali atakaitenga kale kunyumba kwa a Morris. Mmodzi yekha mwa ife ndiye analoledwa kulowa: a Morris, kuti azisesa ndi kuthirira, poti ntchitoyo amaidziwa.

Tinawafunafuna a Hudson kuti atifotokozere nzeru zawo zija, koma anali atadwala mutu mwadzidzidzi.

A Morris sanakane. Akanakana bwalo likanafa, ndiponso masiku amenewo wokana ankapita kosadziwika. Tinkawaonera m'mipata ya nsungwi akufufuta mapazi a gogoda, akutolera mipira ya anthu oponya ngati akugenda mango.

Tsiku lina kunabwera alendo ochokera ku Boma. Mmodzi anaona mmene a Morris anagwirira mpira potola, ndipo anati, "Bambo awa akuoneka kuti amatha. Bwanji aponyeko?"

Tcheyamani anaseka mpaka kutsokomola. "Awa? Ndinawagonjetsa tsiku langa loyamba, anthu onsewa akuona. Si choncho, a Pilato?"

A Morris anayang'ana mpira uli m'manja mwawo, kenako anayang'ana ife kuseri kwa mpanda.

"Ndi choncho, bwana," anatero.

Anayenda bwalo lonse mpaka pamene panaima tcheyamani, n'kuupereka mpirawo ndi manja awiri.