Tenti ya Anthu Awiri

Nyundo anafika pagalaja ya malemu bambo ake dzuwa litakwera kale. Anali atavala diresi, chinthu chimene amisiri a pamenepo anali asanamuonepo nacho. Dzina lakelo anampatsa ndi iwo omwewo, poti chitsulo chikagwa m'manja mwake chinkamvera. Anakaima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi mulu wa matayala akutha.

Pakati pa bwalo panali pikapu yoyera, yotsukidwa mpaka kunsi. Kumbuyo kwake kunali chivindikiro chachitsulo chakuda, ndipo pamwamba pa chivindikirocho anali atatambasulapo tenti, makwerero atatsamira pambali. Nzeru imeneyi inali ya Nyundo. Iye ndiye anaona mmene alendo okagona kutchire amavutikira kukweza tenti padenga la galimoto, n'kuganiza zopanga chivindikiro cholimba, choti katundu azikhala mkati osanyowa, anthu n'kumagona pamwamba. Anachiwotcherera, kuchiphwasula, kuchiwotchereranso, mpaka maso kufiira psu. Koma bambo atangomwalira, mlongo wake wamng'ono anatenga makiyi a galaja n'kumuuza pamaso pa antchito onse kuti ogula sakhulupirira chitsulo chowotcherera munthu wamkazi. Anati akapume kunyumba, ndipo anazinena mofatsa ngati akumuchitira chifundo. Kufatsako ndi kumene Nyundo sanakhululuke.

Mlongo wakeyo amisiri ankamutcha Tayi, chifukwa ndi iye yekha padziko lino amene ankalowa m'galaja atamanga tayi. Tsikuli anamanga yofiira. Anali kalikiliki kufotokozera mayi wina wa kampani yonyamula alendo oona malo, amene ankafuna zivindikiro za magalimoto ake onse. M'kamwa mwa Tayi munkangotuluka "ine" yekhayekha: ine ndinaganiza, ine ndinayesa, ine sindinaone tulo. Munthu amene mpaka pano akaona moto wowotcherera amatsinzina n'kubwerera m'mbuyo.

Kenako anatsitsa chitseko chakumbuyo kuti anthu aone malo a katundu, akudzitama kuti chivindikiro chake chatsopanochi n'chopepuka moti ngakhale mwana angachitukule. Anthu anawerama n'kumagwedeza mitu. Nayenso Nyundo anayandikira n'kusuzumira.

Zitsulo zopingasa zimene iye ankaika kunsi, zija zonyamula kulemera konse, munalibemo. Tayi anazichotsa kuti chivindikiro chipepuke ndiponso chioneke chosalala. Chimene chinatsala chinali lata lopyapyala lopakidwa penti yokongola. Nyundo anamva kukoma kukuyenderera m'thupi monse, kukoma kumene anali asanakumve chimuthamangitsireni.

Ataweramuka, maso ake anakumana ndi a mdala wopaka penti, amene anamulera m'galajamo kuyambira ali kamtsikana kotola misomali. Mdalayo ankadziwa za zitsulozo. Anapukusa mutu pang'ono, momupempha. Nyundo anamvetsa pempholo. Akanatha kumukokera Tayi pambali n'kumunong'oneza, zitsulo n'kubwezeredwa mawa, ntchito ya amisiriwa n'kupulumuka pamodzi ndi dzina la bambo limene linali likadali pachikwangwani. Anaganizadi zimenezo, kanthawi kochepa. Koma Tayi sanamukokere pambali pomuchotsa ntchito.

Nyundo anapereka moni kwa mayi wa kampani uja mwaulemu, n'kudzitchula kuti ndi mchemwali wake wa mwini galaja. Anati bambo awo anasiya lamulo limodzi pamalopo: chilichonse chonyamula munthu, kaya ngolo, kaya makwerero, wochipanga ndiye amayamba kuchikwera wogula akuona. Anatembenukira amisiri kuti anene ngati akunama. Amisiri anayang'ana pansi, koma anavomera.

"Ndiye poti wachipanga ndiwe," anatero Nyundo, "takwera tikuone."

Mayi uja anati lamulolo walikonda kwambiri. Tayi anaseka kuseka kopanda mano, navula nsapato zake zonyezimira n'kuziika bwinobwino patayala. Anakwera makwerero mimba ili patsogolo, n'kukwawira m'tenti. Lata linalira pang'ono. Nyundo anadikira.

Silinagwe.

Anthu anaomba m'manja. Tayi anatulutsa mutu pakhomo la tenti, nkhope ili gwa ndi matama, ndipo mantha amene anali nawo pokwera anasanduka chipongwe. Akanangotsika pomwepo, tsikulo likanakhala lake. Koma Tayi sanaphunzirepo kusiya chinthu chikadali chabwino.

"Tentiyitu ndi ya anthu awiri, achemwali," anatero mokweza kuti onse amve. "Bwerani mudzaone mmene amuna amagwirira ntchito."

Nyundo anayang'ana chivindikiro chija. Pakati pake panali patalowa kale pang'ono, moti penti inkanyezimira mokhota. Munthu mmodzi chinamupirira, wachiwiri sichikanatha, ndipo wachiwiriyo akanagwa nacho limodzi. Anaganiza za manja ake, amene tsopano ankamudyetsa powotcherera mageti ndi mawindo kuseri kwa nyumba yake. Dzanja likathyoka, ana ake adya chiyani? Mdala wa penti anamugwira pamkono n'kumuuza chapansipansi kuti zakwana, mwanawe, zisiye. Nyundo anachotsa dzanja la mdalayo mwaulemu, navula nsapato, n'kukwinya diresi m'maondo.

Anakwera mosafulumira. Atafika pamwamba sanakhale m'mbali, mmene chitsulo chinali cholimba. Anakwawa mpaka pakati penipeni, pafupi ndi mlongo wake, n'kukhala pansi ndi thupi lake lonse.

Chivindikiro chinapindika ngati chitini chopondedwa. Mabauti anathothoka, makwerero anagwera uko, ndipo awiriwo anatitimira mkati mwa pikapu pamodzi ndi matiresi, tenti n'kuwaphimba. Kunja kunamveka mkuwo wa anthu, kenako kuseka kwa wina amene analephera kudzigwira.

Mkati munali mdima wobiriwira ndi fungo la penti yatsopano. Bondo la Nyundo linali litapanikizika ndi lata, ndipo dzanja lamanja linkawawa moti sanayerekeze kuligwedeza. Nkhope ya Tayi inali pafupi kwambiri ndi yake, mlomo ukutuluka magazi, tayi itazungulira kukhutu. Ankapuma ngati mmene ankapumira ali mwana akagwa panjinga, asanayambe kulira.

"Munkadziwa," anatero Tayi.

"Ndinkadziwa."

"Nanga mwakwereranji?"

"Pansi paja sindikanaiona bwino nkhope yako."

Kunja kunamveka chitseko cha galimoto chikutsekedwa, injini ikulira, kenako geti likukwekwereza. Mayi wa kampani anali atapita osatsanzika. Tayi anamvetsera mpaka phokosolo litazimiririka, ndipo misozi inayamba kutsikira m'khutu mwake.

Amisiri anakwera m'mbali mwa pikapu n'kuyamba kukoka tenti, mdala wa penti akufunsa ngati alipo wavulala. Dzanja la Nyundo lija linali litayamba kutupa. Nyundo analigoneka pachifuwa, maso osawachotsa pa mlongo wake.

"Musafulumire," anawauza. "Kokani pang'onopang'ono."