Lipoti Lopanda Nambala

Ndinatsika sitima ku Skerries, kufupi ndi Dublin, hafu faifi. Kunali kutada kale. Novembala. Mphepo ya kunyanja inkalowa mpaka m'mafupa. Ndayenda Joni, ndayenda Leeds, koma tauni iyi sindinkaidziwa. Nyumba ndinaipeza ndi foni.

Anatsegula chitseko ndi mlongo wanga Miriam, yunifolomu ya kuchipatala ikadali m'thupi. Za ulendo sanafunse.

"Achimwene, lowani. Mlandu ukudikira inu."

Patebulo panali alamu anga a Prosper ndi mapepala awiri. Pakona mwana wawo Tisungane, wa zaka naini, maso pansi.

Nkhani inali iyi. Aphunzitsi ake ankafuna kuti akalembe mayeso olowera kalasi ya ana anzeru zapadera mu Dublin. Mayesowo mawa, naini koloko. Miriam akuti apite. A Prosper akuti ayi. Anagwirizana chimodzi chokha: agamule malume. Ine, munthu wosatha chaka pa ntchito imodzi.

"Alamu, onani lipotili," anatero a Prosper. "Nambala ili pati? Ine ku Zomba ndinkakhala wani teremu iliyonse, dzina kulitchula pa asembule. Uyu ndikamufunsa nambala, akuti sakudziwa."

"Kuno saika nambala, bambo a Tisu. Ndikuuzeni kangati?"

"Ndiye nzeruzo akuyeza ndi chiyani? Kumwetulira?" Anatembenukira mwana. "Imirira. Seveni taimusi eyiti!"

Tisungane anaimirira. Osatulutsa mawu.

"Mwaona? Akalephere pagulu, abwere atasweka mtima. Adzamutonthoze ndani?"

Apa ndinawamvetsa. Sizinali nkhanza. Anali mantha.

Ndinatenga pepala lachiwiri. Kalata ya aphunzitsi. Analemba kuti Tisungane anawakonza masamu pabolodi kawiri, ndipo kawiri konseko analondola ndi mwanayo.

"Iyi munatani nayo, alamu?"

"Ndinamulanga. Ndi mwano umenewo. Analemba kalata yopepesa, ndinakapereka ndekha."

"Aphunzitsiwo ankamuyamikira!" anatero Miriam. "Kuyambira tsiku limenelo sayankha funso la munthu wamkulu. Sabata zitatu tsopano."

Onse anandiyang'ana. Ndinachita zomwe ndimachita zinthu zikavuta: kukonza zochoka. Ndinatulutsa foni.

"Tidye kaye. Ine mawa ndikwera sitima ya seveni twente. Basi ya ku Galway inyamuka ku Dublin eyiti fifitini, ndiipeza bwinobwino."

"Simuipeza, ankolo."

Mawuwo anachokera pakona, m'Chingerezi, motsitsa.

"Mukuwerenga ndandanda ya pakati pa sabata. Mawa ndi Loweruka, ya seveni twente kulibe. Yotsatirayo ikakufikitsani basi itachoka kale ndi mphindi foro. Kwerani yoyamba."

Foniyo anali ataiona kamodzi kokha, chozondoka. Atangomaliza anagwira pakamwa, n'kuyang'ana bambo ake.

A Prosper analanda foni m'manja mwanga. Anawerenga. Anawerengetsera pa zala. Anawerenganso. Miriam anali atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Alamu," ndinatero, "mumulange, kapena ndikwere yoyamba?"

Sanaseke.

"Mwandipatsa mlandu, ndagamula. Apite. Akalephera, mudzanene ine. Ndinazolowera."

A Prosper anabweza foni. Anayamba kudya. Fomu yololeza mwana kukalemba mayeso inagona patebulo, yosasainidwa.

M'mawa ndinadzuka kusanache, ndikuyenda monyang'ama. Ndinapeza a Prosper pakhomo atavala jekete, envulopu ya fomu ija m'khwapa. Tisungane pambali pawo, mapensulo awiri m'manja.

Pasiteshoni tinaima atatu, mphepo ikutikwapula. Kutali kunaoneka nyali za sitima. A Prosper anawerama pang'ono.

"Ukakhoza, atiuza kuti uli nambala chani?"

Mwana anayang'ana ine. Kenako iwo.

"Ayi, adadi. Sanena."

Anapuma mpweya wautali, n'kumukonza kolala.

"Chabwino. Kwera."