Mapiritsi a Thuan mu Mtsuko wa Mpunga

Mankhwala a mlongo wanga Thuan ndinawapeza mu mtsuko wa mpunga, tsiku lachitatu la Tet, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano. Amayi ndiwo anawabisa. Ndinapsa mtima koopsa!

Thuan anakhala zaka zitatu kuchipatala cha matenda a maganizo. Khoti linamutumiza kumeneko atatentha njinga yamoto ya aneba matenda atamukula. Pomutulutsa, achipatala anatiuza momveka: azimwa mankhwala tsiku lililonse, anesi a m'dera lathu azimuyendera, ndipo zikavutanso abwerera. Tsiku limene ndinapeza mankhwalawo n'kuti atayambanso kale kuyankhula yekha.

"Amayi, mwachita chiyani apa?" ndinakalipa.

"Usandikwezere mawu iwe! Womwa mankhwala pa chaka chatsopano amadwala chaka chonse. Mwambo sukuudziwa?"

"Akamutenganso, mwambowo ndiwo uzikamuzonda?"

Ndinaimbira foni a Nhan, anesi athu. Atafika, amayi anatchinga pakhomo. "Wachipatala salowa muno masiku ano, mutibweretsera tsoka!"

A Nhan sanakangane nawo. Anangokhala pakampando panja.

"Mayi, zaka zitatu zapitazi, Thuan ankadyera kuti chaka chatsopano?"

Amayi anayankha motsitsa mawu, "Mbale yake ndinkaiika patebulo. Inkachoka yosakhudzidwa."

"Chaka chino wadyera pano chifukwa cha mapiritsi amenewa. Matendawa sadziwa tchuthi," anatero a Nhan, kenako anakweza mawu kuti Thuan amve m'nyumbamo. "Thuan, imwa a lero okha, usaphatikize ndi a masiku wadumphawo. Mawa tipite limodzi kwa adokotala. Ndikawauza zoona, komanso kuti a pabanja anandiitana msanga."

Thuan anatuluka panja. "Amayi, kumene kuja sindikufuna kubwererako. Ndipatseni madzi."

Amayi anakatunga okha madziwo, misozi ili mbwembwembwe.

Adokotala sanamugoneke. Lero Thuan amathandiza kumunda, ndipo a Nhan amabwera mwezi uliwonse, amayi n'kuwafulira tiyi. Koma ine ndikakumbukira mtsuko uja ndimapsabe mtima, chifukwa panatsala pang'ono kuti timutayenso ndi manja athu omwe.

Abale anga, wodwala akatulutsidwa kuchipatala, musamusiyitse mankhwala chifukwa cha mwambo kapena chikondwerero. Mukaona zachilendo, itanani azaumoyo tsiku lomwelo. Chaka chino mbale ya Thuan yachoka patebulo yopanda kanthu.