Sayilini ya Pamtunda Sinalire

Mvula ya mumzinda wathu wa Manizales ikayamba kugwa osapumira, ine mpando umanditentha. Masana amenewo ndinkangodzuka kukasuzumira pawindo, kubwerera pa kompyuta, kudzukanso, mpaka a Libardo, anzanga a mu ofesi, anadandaula.

"Iwe Marleny, khala pansi, ukundichititsa chizungulire. Wamwa khofi wambiri eti?"

A Libardo ndiwo analemba pulogalamu ya tizipangizo tathu toyeza mvula. Timatiika m'mapiri, kumtunda kwa nyumba za anthu. Kachipangizo kakaona kuti mvula yachuluka moti dothi likhoza kugumuka, kamaliza sayilini kuti anthu athawe. Kena kali pamwamba penipeni pa dera limene bambo anga amakhala, ndipo miyeso imene kankatumiza ku ofesi inali itadutsa kale malire. Koma kankanenanso kuti sayilini ili duu.

"Mwina makoswe adya waya," anatero a Libardo uku akutafuna arepa, kachikondamoyo ka ufa wa chimanga.

"Waya akanaduka kakanatiuza. Si inu nomwe munakaphunzitsa zimenezo?"

Anangoguguza mapewa. A Libardo ndi munthu wabwino, koma pulogalamu yawo amaiona ngati mwana wawo woyamba, amene sangabe ngakhale mutamupeza dzanja lili mumphika. Ndinaitsegula ndekha, mtima uli m'mwamba.

Kachipangizoka kali ndi malo ochepa osungira zinthu, choncho pulogalamu imapempha malo pang'onopang'ono. Kakangoyaka, imatenga kamalo kolembamo miyeso ya mvula. Kamaloko kakadzaza imaitana realloc, lamulo lopemphera malo okulirapo. Tsono realloc ili ndi khalidwe lake. Ikapeza kuti pambali palibe mpata wokulitsira, imanyamula zonse n'kukaziika kwina, n'kukupatsa adilesi yatsopano. Malo akale aja salinso ako.

Apa a Libardo anasamala, ndisawanamizire. Ankayamba aona ngati realloc yawakana, ndipo adilesi yatsopano ankaisunga bwinobwino. Ndinatsika nawo mizere ija mpaka pa gawo loliza sayilini. Gawoli linkapatsidwa adilesi kamodzi kokha, poyatsa kachipangizo. Miyeso itasamuka, palibe analiuza. Linkangopitabe kukagogoda kunyumba imene eni ake anachokamo kale, n'kumawerenga timanambala takale ta masiku amene kunkangowaza.

"Achimwene, tabwerani muone izi."

Anabwera monyinyirika, n'kuweramira pagalasi la kompyuta.

"Koma zimenezi tinaziyesa, iwe!"

"Tinaziyesa ndi jagi ya madzi kuseri kwa ofesi kuno. Timathira pang'ono, sayilini yalira, timawomba m'manja, basi kukamwa khofi. Malo oyamba aja anayamba adzazapo?"

Anaika arepa ija patebulo.

"Tikazimitse tili konkuno, kayakenso katenge adilesi yolondola."

"Kakayakanso kaiwala mvula yonse yagwayi. Kayamba kuwerenga ngati kunjaku kuli dzuwa."

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

Kukonza kwake sikunali kovuta, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Timizere tingapo basi, kuti sayilini izifunsa adilesi nthawi iliyonse isanawerenge. A Libardo analemba ataimirira. Koma pulogalamu yatsopano imalowa m'kachipangizo ndi chingwe, munthu ali pompo, ndipo msewu wokwera kumeneko unali utasanduka phala. Anavala jekete ya mvula n'kutenga makiyi a njinga yamoto.

"Ine ndapita. Iwe imbira a zangozi, kenako madala."

A zangozi anandimvetsa. Anati atumiza galimoto ya zokuzira mawu, koma inali tsidya lina la mzinda, ndipo misewu ina inali itatsekeka. Ndinaimbira bambo ndikuzungulira tebulo.

"Mwana wanga! Wadya?" Ndinkamva wailesi, komanso mvula ikumenya malata.

"Bambo, tulukani m'nyumba pompano. Tsikirani kutchalitchi."

"Mvula imeneyi? Ndi mawondo angawa? Aa, iwe. Sayilini sinalire."

"Ndikudziwa, koma tulukani."

"A Rubiela, aneba athuwa, anabwera m'mawa, ati madzi akutuluka m'khoma la kuseri kwawo, ati tithawe. Ndawauza kuti mayi, khazikani mtima pansi, makina ali pamwambapo ndi a mwana wanga. Ophunzira, osati zanu zonunkhiza mphepozi. Akalira tithawa. Onse abwerera m'nyumba."

Ananena monyadira zedi. Bambo anga anagwira ntchito yosoka nsapato moyo wawo wonse, ndipo tsiku limene tinkaika kachipangizo kaja anavala malaya a kutchalitchi n'kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti ndine mwana wawo. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo sindinadziwe kuti chachikulu n'chiti.

"Bambo, mverani. Makina athuwo ndi olakwika. Salira. Ngakhale phiri lonse litatsika, salira. Tinalakwitsa ndife."

Wailesi ija inazima.

"Olakwika?"

"Eya, bambo."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Ndinadikira kuti andikalipire, kapena afunse kuti akawauza chiyani a Rubiela. Ndinangomva mpando ukukhwekhwereza pansi, kenako ziwiya zikugundana kukhitchini. Foni sanadule, anangoiponya m'thumba la malaya. Chitseko chinatseguka, mkokomo wa mvula unakula, ndipo panayamba phokoso la chitsulo: ngwee, ngwee, ngwee. Ankamenya chivundikiro cha poto ndi supuni.

Ndinaimirira pakati pa ofesi foni ili kukhutu, ndikumva akupuma movutikira potsika masitepe a mumsewu mwawo. Agalu anayamba kuuwa. Wina anawafunsa chapatali kuti, "A Gildardo, kwagwanji? Sayilini sinaliretu!"

"Isiyeni sayiliniyo!" anakuwa bambo. "Tulukani nonse, tengani ana! Mwana wanga wanena!"